Juni sadzuka, Okutobala sagona: ndi nyengo kapena ndi bipolar?

Amake Chikondi · Lachiwiri 20:47
Madzulo abwino nonse. Pepani ndilemba zambiri, ndasowa pogwira. Nkhani ndi ya mlongo wanga wonditsatira, wa zaka 29, amene tikukhala naye kuno ku Mtendere m'kachipinda ka kuseri. Chaka chino n'chachitatu ndikuona zomwezomwezi. Meyi akamatha, kuzizira kukangoyamba, mwana amayamba kuzilala ngati mbaula yoiwalika panja. Amagona mpaka 11:00. Akadzuka ndi tiyi wa masipuni anayi a shuga, buledi, vitumbuwa, kenako kubwerera m'bulangete. Foni amazimitsa. Kusamba mpaka tikangane. Amagulitsa majekete a salaula, ndiye tangoganizani, Juni ndi mwezi umene anzake akuwerenga ndalama, iye katundu ali m'masaka pansi pa bedi. Ukamufunsa amangoti "asisi ndilibe mphamvu." Ogasiti akamatha amayamba kutsitsimuka, pofika Okutobala ali bwino zedi.

Msuweni wathu amene ali ku UK akuti awa ndi matenda ovutika maganizo obwera ndi nyengo, kumeneko amati SAD, ndipo akufuna kutitumizira nyale inayake yowala kwambiri yoti aziyang'anizana nayo m'mawa. Kodi matenda amenewa aliko kuno ku Zambia? Timuuze atumize?

Jere wa minibasi · 20:52
Ngati kukana kudzuka mu Juni ndi matenda ndiye Lusaka yonse tikafole ku Chainama, kuchipatala cha matenda a maganizo. Ine ndimadzuka 04:00, madzi a m'baketi ngati atuluka mu filiji, koma ndimasamba. Mumuuze mwamuna amalimba.

Amake Chikondi · 20:55
A Jere, kuzizira tonse timakumva. Koma inu munasiyapo minibasi miyezi iwiri? Munalirapo m'bafa mutatsegula mpopi kuti ana asamve?

Mlembi wa gulu · 20:56
A Jere, za Chainama tinagwirizana kale kuti si zoseketsa pano. Alipo pa gulu lino amene amakatenga mankhwala kumeneko ndipo amawerenga zonse.

Jere wa minibasi · 20:58
Ndalakwa amai. Ndakhala chete.

Aphunzitsi Banda · 21:10
Ndiyankheko mbali ya dzuwa poti ndi imene ndimadyera. Lusaka ili pafupifupi madigiri 15 kumwera kwa ikweta. Tsiku lalifupi kwambiri, cha pa 21 Juni, timakhala ndi kuwala maola 11 ndi mphindi pang'ono. Lalitali, cha pa 21 Disembala, maola 13. Kusiyana kwake sikukwana maola awiri. Ku London mu Disembala kuwala sikufika maola 8, mu Juni kumapitirira 16. Ndiye matenda a kusowa dzuwa kwawo kwenikweni ndi kumeneko. Ndipo kuno Juni ndi Julayi ndi miyezi youma, mitambo yochindikala ndi ya Januwale. Ine sindikuona chimene nyale ingawonjezere pa dzuwa la pakhonde.

Tisa ku Leeds · 21:24
Aphunzitsi akunena zoona za kuno. Chaka changa choyamba ndinkaona ngati ndalodzedwa. Mu Disembala dzuwa limatuluka itadutsa 08:00, isanakwane 16:00 kwada. Ndimalowa ntchito kuli mdima, ndimatuluka kuli mdima. Ndinanenepa, ndinkalakalaka nsima ndi buledi basi, ndinkalira ndikamva nyimbo za kwaya ya kwathu. Nyale ndili nayo, ya 10,000 lux (lux ndi muyezo wa kuwala), ndimakhala nayo pafupi theka la ola m'mawa ndikumwa tiyi, ndipo inandithandiza. Koma chimodzi ndikukumbukira. Adokotala asanalankhule za nyale kapena mapilisi anandifunsa ngati ndinakhalapo masiku angapo osagona koma osatopa, ndiponso ngati kubanja kwathu kuli wa bipolar. Nthawi imeneyo ndinaona ngati akungotaya nthawi.

Sista N. · 21:41
Amake Chikondi, ndangofika kunyumba, ndawerenga kawiri. Ine ndine namwino wa za maganizo, koma munthu sapimidwa pa foni, ndiye zimene ndinene si chigamulo. Aliyense wagwira za Juni. Ine chandigwira ndi mawu anu omaliza, akuti Okutobala "ali bwino zedi." Bwino wake ndi wotani? Amagona maola angati? Amalankhula bwanji? Ndalama amazigwira bwanji? Mundifotokozere Okutobala wa chaka chatha ngati mukufotokozera munthu amene sanamuonepo.

Amake Chikondi · 22:03
Sista mwandiimitsa mutu. Ndakhala kaye pansi.

Kugona ndiye ayi. Mwina maola atatu. Ndikadzuka 03:00 kupita panja ndimapeza getsi likuyaka, iye akulemba mapulani m'kabuku. Koma m'mawa alibe tulo m'maso, akuimba, wasesa bwalo lonse mpaka la aneba. Amalankhula mofulumira, nkhani isanathe wayamba ina, ukamudula amakwiya. Chaka chatha anatenga kaloba n'kugula mabelo asanu a majekete. Majekete, mu Okutobala, anthu akuyenda ndi mabotolo a madzi ku msika wa Soweto! Anati akutsegula mashopu atatu, ku Chipata, ku Katete ndi ku Kitwe. Ana a m'komboni anawagulira mayunifomu a mpira. Ku mpingo anayamba kutsogolera mapemphero a usiku wonse, anthu n'kumati mnyamata wadzozedwa. Kaloba ameneyo tamaliza kubweza mu Malichi, mlamu wake mpaka anagulitsa TV.

Ife tinkangothokoza kuti wachira.

Sista N. · 22:31
Zikomo pofotokoza mosabisa. Ndilemba motalika, amene atopa agone.

Choyamba, SAD ndi bipolar si alendo kwa wina ndi mnzake. Amene anatchukitsa dzina loti SAD ndi dokotala Norman Rosenthal, wobadwira ku Johannesburg. Anasamukira ku America mu 1976 n'kuona yekha thupi likumulemera nyengo yozizira ya kumeneko. Mu 1984 iye ndi anzake anafotokoza odwala 29 amene ankagwa chaka ndi chaka nyengo imodzimodzi: kugona kwambiri, kudya kwambiri, kulakalaka zotsekemera ndi zaufa. Chimene anthu amaiwala n'chakuti ambiri mwa 29 amenewo anali ndi bipolar, makamaka ya mtundu wachiwiri. Nyengo yozizira pansi, dzuwa likabwerera m'mwamba.

Lero buku limene madokotala ambiri amatsata, DSM-5, limene linatuluka koyamba mu 2013, silitenga SAD ngati matenda apaokha. Limati munthu ali ndi matenda ovutika maganizo obwerezabwereza, kapena ali ndi bipolar, kenako n'kuwonjezera kuti zake zimatsata nyengo. Kuti awonjezere mawu amenewo pafunika zaka ziwiri zotsatizana zikuchitika nthawi yomweyo ya chaka. Ndiye funso loyamba si lakuti "nyengo kapena bipolar." Zingakhale zonse ziwiri. Funso ndi lakuti, kupatula kugwa, kodi munthuyu amakweranso?

Kukwera kuli pawiri. Mania ndi ija imatha sabata kapena kupitirira, munthu n'kuwononga zinthu, mwina kumva mawu kapena kudziona ngati mneneri, mwina mpaka kugonekedwa. Imeneyo ndi bipolar yoyamba. Hypomania ndi yocheperako, masiku anayi kupita m'tsogolo, munthu akugwirabe ntchito, kungoti si iye amene mumamudziwa. Imeneyo, pamodzi ndi nthawi za kugwa, ndi bipolar yachiwiri. Chizindikiro chimene ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi tulo. Munthu wosowa tulo wamba amadandaula, m'mawa ali lende. Wa mania amagona maola atatu n'kudzuka ngati wagona tsiku lonse.

Vuto ndi lakuti palibe amene amabwera ku chipatala kudzanena kuti "ndili ndi mphamvu zambiri." Amabwera mu Juni. Okutobala banja limamuyamikira.

Jere wa minibasi · 22:36
Sista funso lenileni, si nthabwala. Bipolar imeneyi ndi BP yomwe ija? Amai anga amamwa mapilisi a BP.

Sista N. · 22:38
Ayi a Jere. BP ndi kuthamanga kwa magazi. Bipolar ndi maganizo ndi mphamvu za munthu kupita mbali ziwiri, pansi kwambiri ndi pamwamba kwambiri, kwa masabata kapena miyezi. Si uja wokwiya m'mawa n'kuseka masana ayi. Ndipo si matenda osowa. Bungwe la WHO linawerengera anthu pafupifupi 40 miliyoni padziko lonse mu 2019.

Atate Sakala · Lachitatu 05:48
Mwadzuka bwanji ana anga. Ine ndine wachikale, ndifunse zachikale. Amake Chikondi, mu Juni simunataye munthu pabanja panu? Mkazi wanga anatisiya mu Julayi, zaka zisanu ndi zitatu zapitazo, ndipo mpaka lero mphepo ya Julayi ikawomba chakudya sichilowa. Si matenda amenewo, ndi mtima ukukumbuka. Komanso kwathu ku Petauke anthu nkhope zimagwa mu Januwale ndi Febuluwale, nkhokwe zitapepuka, sukulu ikufuna ndalama, chimanga chisanache. Kodi a chipatala simuthamangira kupereka dzina la Chingerezi pa chinthu chimene ndi umphawi kapena maliro?

Za mapemphero a usiku zandikhudza. Musatiuze kuti aliyense wopemphera usiku wonse ndi wodwala.

Sista N. · 06:20
Atate, funso lanu si lachikale, lili m'buku lomwe lija. Ngati munthu amagwa nyengo inayake chifukwa cha chinthu chooneka, monga ntchito imatha nyengo imeneyo chaka chilichonse, sitiwerengera kuti ndi za nyengo. N'chifukwa chake timafunsa za maliro, za ngongole, za mowa ndi chamba, ndipo timayeza magazi, chithokomiro, HIV, poti zonsezi zimatha kufooketsa munthu kapena kumusokoneza.

Za pemphero, ine ndemwe ndine wa kwaya. Wopemphera usiku wonse Lachisanu, Loweruka amagona ngati mwala. Amene ndikunena ine wapemphera usiku wonse, m'mawa wasesa bwalo la aneba, masana wakatenga kaloba, usiku wotsatira sanagonenso, ndipo zatero milungu itatu.

Amake Chikondi · 06:44
Atate athu anamwalira mu Febuluwale, ndipo Febuluwale iye amakhala bwinobwino, amapita nafe kumanda. Za bizinesi ndanena kale, Juni ndiye nyengo yake yokolola. Mowa amamwa mu Okutobala momwemo, nthawi zina samwa n'komwe.

Ndakumbukanso china usiku, sindinagone nacho. Chaka chatha mu Julayi ndinapita naye pa kakiliniki kena ka pulaiveti. Sanatifunse zambiri, mphindi zisanu, anatipatsa timapilisi toti azimwa usiku, amitriptyline, kapepala ndikadali nako. Patatha milungu itatu tinadzuka m'mawa n'kupeza wapenta chipinda chake chonse usiku, ndi penti wobiriwira amene sitikudziwa anamutenga kuti, mpaka chitseko. Ife tinati mankhwala agwira.

Sista N. · 07:05
Kapepala kameneko musakataye. Ndi umboni wofunika kuposa zonse mwalemba.

Apa ndiye pali chifukwa chimene sitisekerera kusiyanitsa ziwirizi. Mankhwala okweza maganizo, monga amitriptyline kapena fluoxetine, amathandiza anthu ambiri ovutika maganizo. Koma kwa munthu wa bipolar, akaperekedwa okha popanda mankhwala okhazikitsa maganizo, amatha kumukankhira m'mwamba. Amitriptyline ndi a gulu limene limadziwika kwambiri ndi zimenezi. Nyale nayonso, ngakhale si pilisi, imatha kuchita chimodzimodzi. Imagwira ntchito posuntha wotchi ya m'thupi. Kuwala kukalowa m'maso m'mawa, ubongo umasiya kutulutsa melatonin, imene imauza thupi kuti ndi usiku. Wotchi yomweyo ndi imene ili yosakhazikika mwa anthu a bipolar. Madokotala amaigwiritsa ntchito nyale kwa a bipolar, inde, koma munthu ali kale pa mankhwala okhazikitsa, poyambira mphindi zochepa, ena amaiika masana m'malo mwa m'mawa, ndipo wina akumuyang'anira.

Ndiye yankho langa pa funso lanu loyamba: msuweni adikire kaye.

Aphunzitsi Banda · 07:30
Sista ndikumva, koma ndikadali pa mfundo yanga. Ngati kusiyana kwa dzuwa kuno ndi kochepa chonchi, nyengo ikumugwira bwanji mnyamatayu? Sizingakhale kuti zangochitika mwangozi katatu?

Sista N. · 07:52
Zingatheke, zaka zitatu si zambiri. Koma nyengo si kutalika kwa tsiku kokha, aphunzitsi. Mu Juni usiku kumazizira mpaka pansi pa madigiri 10, anthu amalowa m'nyumba msanga, amadzuka mochedwa. Munthu akayamba kufooka n'kutseka makatani, ndiye kuti wadzipangira Leeds wakewake m'kachipinda ka kuseri. M'chipinda chotero kuwala mwina sikufika ngakhale 100 lux, pamene panja pa dzuwa ndi masauzande makumimakumi. Okutobala ndi mbali inayo. Kutentha kopitirira madigiri 30, malata akuwotcha mpaka pakati pa usiku, udzudzu, kukucha msanga. Aliyense amagona pang'ono. Inu ndi ine timangoyasamula kuntchito. Kwa wa bipolar kuchepa kwa tulo ndi machesi, ndipo mania ikayaka imachotsanso tulo tina, basi gudumu layamba kugubuduka. Kumayiko ozizira anaona kalekale kuti odwala mania amachuluka m'zipatala dzuwa likamabwerera ndi m'chilimwe chawo.

Palinso ena amene amagwa nthawi yotentha m'malo mwa yozizira. Awo sagona, safuna kudya, amaonda, mtima uli m'mwamba. Ndiye si onse a bulangete ndi vitumbuwa.

Tisa ku Leeds · 08:15
Ndiye funso lija la adokotala anga linali la zimenezi. Zaka zinayi ndikumvetsa lero.

Mlembi wa gulu · 12:40
Wina pa gulu lino wanditumizira uthenga kumbali, wapempha ndiuike popanda dzina. Ndaukopera momwe ulili.

"Amake Chikondi, ine ndine mlongo wanu uja, kungoti ndine mkazi ndipo ndili ndi zaka 36. Ambiri pano mumandidziwa, ena timakhala benchi imodzi ku tchalitchi. Anandipeza ndi bipolar yachiwiri nditazungulira zaka zisanu ndi ziwiri. Ndinapita kwa aneneri, ndinamwa zitsamba za ambuya, ndinamwa mapilisi a maganizo amene ankandiyendetsa ngati galimoto yopanda mabuleki. Amene anazindikira ndi dokotala wina amene anandipatsa pepala n'kuti lemba miyezi 12, ikani mtanda pamene unali pansi, nyenyezi pamene unali pamwamba, zaka zonse zimene ukukumbuka. Nditamaliza ndinaliyang'ana pepala lija n'kulira. Mitanda yonse inali pa Juni ndi Julayi. Nyenyezi zinali pa Seputembala ndi Okutobala. Ukwati wanga woyamba ndinaulowa mu Okutobala, munthu nditamudziwa milungu isanu.

Ndikuuzeni chimene a chipatala sanena kawirikawiri. Nthawi ya pamwamba imakoma. Umadziona wokongola, wanzeru, mawu amabwera okha. Utakhala miyezi iwiri ngati mtembo, ndani angakane? Ndiye mukamuuza mlongo wanu kuti Okutobala wake ndi matenda, akumva ngati mukumulanda miyezi yokhayo imene amakhala munthu. Ine ndinasiya mankhwala kawiri chifukwa cha chimenechi. Musayambe ndi mawu oti bipolar. Yambani ndi kaloba, ndi TV ya alamu ake. Amakumbuka, ndipo manyazi ake ndi ena mwa zimene zimamugoneka mu Juni.

Pano ndili pa lithium chaka chachisanu. Amanditenga magazi pakapita miyezi ingapo kuona kuchuluka kwa mankhwala, impso ndi chithokomiro. Okutobala ndimayenda ndi botolo la madzi paliponse, chifukwa thukuta likachuluka kapena ukatsegula m'mimba mankhwalawa amachuluka m'magazi, manja n'kuyamba kunjenjemera. Brufen ndi diclofenac sindigwira, mutu ukawawa ndi Panado basi. Seputembala akayamba, 21:30 foni ndimapatsa amuna anga, ndi khadi la ku banki lomwe. Maliro ndimapita masana, kugona pa maliro ndinasiya, anthu amandinena koma andinene. Juni ndimadzikakamiza kukhala pakhonde ndi tiyi 07:00 ngakhale mtima ukukana. Kugwa ndimagwabe, koma ndi dzenje lofika m'mawondo, si chitsime chija."

Atate Sakala · 13:02
Mwana wanga wosatchulidwa dzina, ndakumva. Za kugona pa maliro ndinali mmodzi wa onena anthu otero. Sindidzanenanso.

Nyaphiri wa ku Chilenje · 13:20
Ine ndili ndi mantha ndi mankhwala amenewa. Mwana wa alongo anga anamuyambitsa, ananenepa, amangokhala ndwii ngati si iye. Kodi si bwino kungomusunga pakhomo miyezi iwiriyo, poti mukudziwa kale kuti Ogasiti adzadzuka? Mwinanso akakwatira zidzatha, mwamuna wa zaka 29 kukhala kuseri kwa nyumba ya mlongo wake nazonso zimadwalitsa.

Amake Chikondi · 13:34
Anyaphiri mwalankhula ngati amai anga enieni. Iwo akuti abwere ku Katete timupezere mkazi. Bambo a Chikondi nawo atopa, akuti apite kumudzi akalime. Ine ndimati mwana wa eni ake tikamupatse mabelo asanu a majekete?

Sista N. · 14:10
Anyaphiri, nkhawa yanu ndi yoona, mankhwala ena amanenepetsa, ena amagonetsa. Zikatero munthu abwerere akanene, amasintha mlingo kapena mtundu. Mitundu ilipo ingapo. Lithium ndi wakale, dokotala John Cade wa ku Australia analemba za iye mu 1949, ndipo mpaka lero ndi mmodzi mwa odalirika, amachepetsanso ngozi yodzipha. Palinso sodium valproate, carbamazepine, lamotrigine, quetiapine, olanzapine. Aliyense ali ndi khalidwe lake. Valproate amavulaza mwana m'mimba, ndiye kwa mtsikana kapena mai amene angatenge pakati timamupewa. Carbamazepine amafooketsa mapilisi olera ndi kachipangizo ka pamkono, ndipo amalimbana ndi ma ARV ena, choncho amene ali pa ma ARV anene poyera. Izi ndikulembera gulu lonse, si za mlongo wa Amake Chikondi yekha.

Koma zongodikira Ogasiti ndikukana. Kugwa kwa bipolar kumapha. Ndipo nthawi yoopsa si ija munthu ali gone osatha kutukula mutu yokha. Ndi ijanso mphamvu zayamba kubwerera koma mtima ukadali wakuda, kapena zonse ziwiri zasakanikirana, sagona, akuyendayenda, koma akudziona wopanda pake.

Amake Chikondi, funso lovuta. Anayamba wanenapo zofuna kufa? Mufunseni mwachindunji, kufunsa sikumuika maganizo amenewo m'mutu. Ndipo ngati m'nyumba muli mankhwala a makoswe, a m'munda, kapena amitriptyline wotsala uja, zichoke lero. Amitriptyline akamwedwa wambiri amaimitsa mtima.

Amake Chikondi · 14:26
Sabata yatha anati "asisi mukanapumula ndikanakhala kulibe." Ndinamukalipira kuti asamalankhule zopusa. Mulungu wanga.

Mapilisi otsala ali m'kabati, ndikuchoka pa ntchito pano.

Sista N. · 14:29
Pitani. Musamukalipire, musamulalikire, khalani naye pansi mumve. Usiku uno asagone yekha kuseri. Akanena kuti ali ndi njira imene waganiza, musadikire m'mawa, pitani naye ku chipatala chachikulu chilichonse, UTH kapena Levy Mwanawasa, amalandira usiku. Nambala ya Lifeline, a uphungu pa foni, ndi 933, ndi yaulere. Ngati usiku wadutsa bwino, sabata ino lomwe akaonedwe ndi a za maganizo. Ku Chainama si kogonekedwa kokha monga anthu amaganizira, ambiri amaonedwa n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ndipo lamulo la 2019 la za umoyo wa maganizo linachotsa lija la nthawi ya atsamunda limene linkatchula odwala mayina achipongwe. Ali ndi ufulu wofotokozeredwa ndi kufunsidwa maganizo ake pa chithandizo.

Aphunzitsi Banda · 15:05
Ndabweza mawu anga a dzulo oti dzuwa la pakhonde likwanira. Ndinayankha funso la jogalafe pamene nkhani inali ina.

Jere wa minibasi · 18:47
Kuli bwanji ku Mtendere? Tangokhala chete tonse kuno.

Amake Chikondi · Lachinayi 06:12
Mwadzuka bwanji. Pepani dzulo sindinayankhe. Tili bwino, wagona pabalaza, mlamu wake anagona pampando pafupi naye, munthu amene ankati apite kumudzi uja.

Ndinachita monga ananenera mayi wosatchulidwa dzina. Sindinatchule matenda. Ndinatenga kalendala yakale ya ku butchala, ndinakhala pamphepete pa matiresi, ndinati tiye tikumbutsane. Poyamba anangofunda kumutu. Kenako ndinatsegula foni yake, tinayamba kuona mauthenga a mobile money. Juni ndi Julayi chaka chatha, pafupifupi palibe kanthu, masabata athunthu osagula ngakhale thokotaimu. Okutobala, mauthenga mpaka chala kutopa, ena a 02:00, ena a 03:40, kutumiza ndalama kwa anthu amene sakuwakumbuka n'komwe. Tinabwerera chaka chinacho, chimodzimodzi. Anayang'ana nthawi yaitali, n'kuti "ndiye kuti chimabwera ndi kalendala?" Ndinati sindikudziwa, tikafunse odziwa.

Za kufa ndinamufunsa. Anati amaganiza, koma sanakonze kalikonse, ndipo chimamubweza ndi Chikondi amene amamuperekeza ku sukulu. Tinalira tonse. Mapilisi ndachotsa, ali m'chikwama changa.

Wavomera kupita mawa. Wapempha ziwiri: amai asauzidwe kaye, ndipo tisatsike pa siteji ya pachipata penipeni, anthu angamuone. Ndamuuza msuweni kuti nyale aiimitse. Wakhumudwa pang'ono poti anali ataisankha kale.

Tisa ku Leeds · 06:30
Mumuuze atumize ndalama ya nyaleyo, ikhale ya mayendedwe ndi zoyeza magazi. Ngati akufuna ndimuimbire ndine, tili dziko limodzi.

Jere wa minibasi · 06:41
Great East Road ndi msewu wanga. Mundiuze nthawi, ndidzakusungirani mipando iwiri ya kutsogolo, ndipo ndidzakutsitsani siteji imene iye anene. Kondakitala wanga sadzafunsa kanthu.

Nyaphiri wa ku Chilenje · 07:02
Nanga majekete aja? Juni akutha. Mwana wanga wamkulu ali pa holide ya koleji, angakaime nawo pa msika masiku angapo, muzigawana. Kusiyana n'kuti adyedwe ndi njenjete pansi pa bedi.

Amake Chikondi · 07:15
Anyaphiri ndimufunsa akadzuka, katundu ndi wake. A Jere, 07:00 pa siteji ya pa msika. Sista, tinyamule chiyani? Ndipite naye mpaka m'chipinda cha adokotala kapena ndidikire panja?

Sista N. · 07:33
Nyamulani chitupa chake cha NRC, khadi lililonse la chipatala limene ali nalo, kapepala ka amitriptyline ndi mapilisi otsalawo, ndi kalendala ija momwe ilili, musaikopere bwino. Mufunseni iye ngati akulola kuti mulowe. Akalola, lowani, ndipo iye akamafotokoza za Juni inu mufotokoze za Okutobala, poti yekha adzati nthawi imeneyo anali bwino. Za penti wobiriwira musaiwale. Mudye kaye, mzere umatalika.